Makungwa Opalidwa Bwino

4 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi mapasa awo. Ine ndili bwino, kungoti ndawonda pang'ono, koma musawauze achemwali, angayambe ulaliki. Ndalemba kalata chifukwa pa foni timangokuwizana. Makina a m'shopu anakudyerani makutu, ngakhale inu mumati ndife amene timayankhulira m'mimba.

Ndabwera ndi pempho. Ndatsala ndi miyezi isanu kuti ndimalize digiri yachiwiriyi, ndipo chatsala ndi kafukufuku. Ndasankha mtengo uja wa kuseri kwa shopu yanu, umene makungwa ake mumaika pabala mukadzicheka. Sindinaiwale tsiku limene tchizulo chinanding'amba chikhatho ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munandimanga ndi mankhwala anuwo, bala linapola popanda mafinya.

Ntchito yake ili chonchi. Timatenga timbale tagalasi, n'kuthiramo chakudya chonga phala lolimba, n'kupakapo tizilombo toyambitsa mafinya m'zilonda. Pamwamba timaikapo timapepala tozungulira, tating'ono ngati mabatani a malaya. Tina timakhala ndi mankhwala akuchipatala, aja amati maantibayotiki, tina timatinyika m'madzi a makungwa. Tikatero timatsekera timbaleto m'kabati yofunda mpaka mawa lake. Tizilombo timamera mbale yonse, koma pamene pali mankhwala amphamvu timasiya bwalo loyera kuzungulira kapepalako. Bwalolo timaliyeza ndi lula, ndipo likakula ndiye kuti mankhwalawo ndi aukali. Ndikufuna kuona kuti mtengo wanu uima pati ukaikidwa pambali pa mankhwala akuchipatala.

Chonde nditumizireni makungwa odzaza jumbo imodzi. Mupatsire dalaivala wa basi ya m'mawa, ndikalandira ku siteji.

Ndine mwana wanu,
Mzime

19 Febuluwale

Mzime wanga,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kamodzi ndekha, kawiri mokweza kwa makasitomala. Tonse tili bwino. Makutu anga alibe vuto, ndimamva zimene ndikufuna kumva.

Ndiye sukulu yako yakumbukira kuti uli ndi bambo. Wagolosale woyandikana nafeyu wakhala akunditchula sing'anga wa matabwa zaka zonsezi. Nditamuwerengera zoti mtengo wanga ukupita ku yunivesite, anangoti kukamwa yasa, kenako anayamba kupukuta sikelo imene inali yoyera kale.

Ndachedwa kutumiza, koma usandiweruze. Katundu wopita kwa anthu ophunzira sangatuluke m'shopu mwanga ngati nkhuni. Ndawakonza monga ndimakonzera ntchito ya munthu wolemekezeka, ndipo za jumbo zakozo ndazikana. Bokosilo ndakhoma ndekha, usalitaye.

Undiuze msanga kuti achipatala agonja ndi mamilimita angati. Zoyeza ndimazidziwa, usandibisire nambala.

Bambo ako

14 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Bokosi linafika bwino, ndipo anzanga a mu labotale analizungulira ngati mwana wakhanda. Apulofesa, mayi amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu, anatsegula ndi kutseka chivundikiro kangapo, n'kufunsa ngati mumalandira maoda. Makungwawo ndi okongola, oyera, osalala, ofanana kutalika ngati mapensulo atsopano. Ndinanyadira.

Koma nkhani si yabwino. Ndinawapera, ena ndinaviika m'madzi, ena mu sipiriti, ndinasefa, ndinachita zonse monga mwa malamulo. Kapepala ka mankhwala akuchipatala kanasiya bwalo la mamilimita 24. Kathu sikanasiye kanthu. Tizilombo tinamera mpaka kukakhudza, ngati tapatsidwa ndiwo. Ndabwereza katatu, ndipo katatu konse zatuluka chimodzimodzi.

Bambo, ndikufunsa mwaulemu. Kodi ndi mtengo womwe uja? Kuseri kuja kuli mitengo iwiri yofanana masamba, mwina munasenda winawo. Ngati n'kotheka munditumizirenso, nthawi ikundithera.

Mzime

28 Malichi

Mzime,

Tili moyo. Zaka makumi anayi ndikugwira mitengo. Thabwa ndimalidziwa pongolinunkhiza, ndiye lero mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira hamala akundifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa kuseri kwa shopu yanga. Chabwino.

Mwina vuto ndi tizilombo takoto. Ta m'tauni n'tamwano, tinatengera eni ake. Ndatumiza ena. Awa ndawakonza kuposa oyamba aja, palibe poti munthu angaloze chala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bambo ako

22 Epulo

Achemwali,

Muli bwanji ndi mapasa? Kalatayi ndi yanu nokha, musawawerengere Bambo. Ndinawalembera masabata awiri apitawo kuwauza kuti makungwa achiwiri nawonso akanika, koma sanandiyankhe. Ndikudziwa kuti ndinawapsetsa mtima ndi funso langa lija.

Ndagwira njakata. Apulofesa anandiitana mu ofesi mwawo dzulo, anandipatsa mpando, ndipo akakupatsa mpando mayi amenewa umadziwa kuti zavuta. Akuti ndikhoza kulemba kuti mtengowu ulibe mphamvu iliyonse, poti chimenechonso ndi yankho. Koma akuti kafukufuku wotere ndi wochepa thupi, oyesa adzandibweza kuti ndichite chaka china ndi mtengo wina. Amene amandilipirira sukulu anandiuziratu pachiyambi kuti chaka chowonjezera kulibe. Ndiye ngati pofika kumapeto kwa Meyi m'mbale mulibe bwalo, ndilongedza, ndibwera kwathu chimanjamanja patatha zaka ziwiri.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndidzalemba ndi dzanja langa kuti mankhwala a Bambo ndi madzi chabe, dzanja lomwe lili ndi chipsera chimene anapoletsa. Ndikuopa, achemwali.

Mundiuze zoona, akwiya kwambiri?

Mng'ono wanu

3 Meyi

Dokotala wa tizilombo,

Landira moni wanga ndi wa mapasa, amene akuti uwatumizire chithunzi utavala chijasi choyera. Kalata yako inandiliza, kenako inandikwiyitsa, chifukwa iwe ndi bambo akowo ndinu amodzi. Aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuyankhula.

Sanakukwiyire. Kalata imene unawalembera ija anaiwerenga, anaipinda n'kuika m'thumba la ovolosi, ndipo kuyambira tsiku limenelo shopu yasanduka ya makungwa. Pali munthu akudikira chitseko chake kuyambira Malichi, amangobwera kudzachisisita n'kubwerera. Bambo akuti sakulembera mpaka atakonza makungwa oti Apulofesa ako adziyang'anirepo nkhope.

Ukanaona mmene akudzizunzira. Akasenda khungwa amalipanikiza pa benchi n'kuyamba kupala mbali zonse ziwiri, kunja kokakala kuja ndi mkati mofiira monyowa muja, mpaka litayera. Kenako sandipepa. Kenako padenga, pamalata otentha, masabata awiri, ati thabwa laliwisi ndi manyazi a kalipentala. Wovutika ndine wosesa. Zofiira zimene amapalazo zimamata, ndipo sabata yatha mphepo inaziulutsira pakhonde pamene ndimasokera, zinagwera pa nsalu yoyera ya kasitomala. Ndachapa mpaka zala kusupuka, madontho ali pompo. Mayiyo ndamuuza kuti ndi maluwa.

Dzana anadzicheka chala chachikulu akupala. Ndinathamangira bandeji, koma pobwera ndinawapeza atatola kale zofiira zija pa benchi, atafinyira pabala, akupitiriza ntchito uku akuimba mluzu. Ndinawafunsa kuti bwanji osatenga okonzedwa bwino aja. Anandiyang'ana ngati ndapenga, ati amenewo ndi a ku yunivesite.

Usataye mtima. Zikakanika, makina osokera ndili nawo awiri, ndipo munthu wodziwa kuyeza ndi lula ndikumufuna. Ndikuseka chabe, usalire. Idya, wamva?

Mkulu wako

8 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo chonde ikani chopalira pansi musanawerenge mzere wina.

Kalata ya achemwali ndinaiwerenga nditaima pakhomo la labotale, ndipo nditafika pa nkhani ya chala chanu ndinakhala pansi pomwepo. Safunsa anadya phula, ndipo wadya phula ndine. Ndinakupemphani makungwa, koma sindinakufunseni kuti pabala mumaikapo chiyani kwenikweni. Tsiku la tchizulo lija ndinatsinzina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinangomva kuzizira pachikhatho, sindinaone mtundu wake.

Bambo, ndikuganiza kuti mankhwala ali mu zofiira zija achemwali akusesa. Sindinatsimikize, mbale ndi imene idzanene, koma mtima ukundiuza choncho. Inu mwanditumizira thabwa labwino, mankhwala n'kutsala pansi pa benchi. Ngati kanalipo kotsalira, dzuwa la pamalata linakamaliza. Ntchito yanu ngati ya kalipentala ilibe banga. Kungoti tizilombo sitiona kusalala.

Ndikupempha makungwa aawisi, osapala, osapukuta, osaona dzuwa. Muwakulunge m'nsalu yoyera yonyowa n'kuwakweza basi tsiku lomwelo. Akhale onyansa mmene alili. Ndikudziwa kuti kutulutsa chinthu chotere m'shopu mwanu kukuwawani, koma ndatsala ndi masabata atatu okha.

Funso langa la mtengo lija ndalibweza. Mundikhululukire.

Mzime

12 Meyi

Iwe,

Ndikulemba mothamanga, kalatayi ndiwapatsira Bambo okha. Atawerenga yako anakhala pa benchi mpaka chakudya chinazizira. Kenako anapita kumene ndimataya zinyalala, anaima nthawi yaitali akuyang'ana mulu wofiira uja. Ndinamva chisoni, ndipo kuseka kumene kunandibwerera ndinakumeza.

Lero m'mawa asenda makungwa, awakulunga monga unanenera, aika m'chidebe. Dalaivala atatambasula dzanja kuti alandire, Bambo akana. Ati chinthu chonyansa chonchi sichingapite chokha, pafunika mwini wake akafotokoze. Avala jekete ya ukwati wanga ija. Uwasamale pamsewu, galimoto samazimva.

Mkulu wako

27 Meyi

Make mapasa,

Ndili bwino, musade nkhawa. Ana ali bwanji? Wachitseko uja umuuze kuti sindinafe, ndikubwera Lachitatu.

Mng'ono wako wawondadi. Nditatsika basi ndi chidebe changa sitinanene za makalata aja. Anangonditengera chidebecho, ine n'kumulola.

Ku labotale anandiveka chijasi choyera chimene manja ake anathera m'zigongono. Kumeneko sadya, samwa tiyi, ndipo amasamba m'manja kuposa anamwino. Anandipatsa galasi loyera kuti ndionetse mmene ndimachitira ndikadzicheka. Ndinatulutsa kampeni kanga, ndinakanda zofiira zija pang'onopang'ono, anthu asanu ophunzira atandizungulira, wina akulemba m'kope. Manyazi amene ndinachoka nawo kwathu anayamba kuchepa. Zofiirazo anaziumitsa pamthunzi, anaziviika, anasefa. Zinatenga masiku, ndipo podikira ndinawakonzera mipando isanu ndi umodzi imene inkagwedera. Anthu odziwa zinthu zambiri chonchija amakhalira mipando yomvetsa chisoni.

Tsiku lotsegula kabati, mng'ono wako anatulutsa mbale, anaiyang'ana kamodzi, lula yake n'kugwa pansi. Ndinayang'ana nanenso. Kuzungulira kapepala kathu panali bwalo loyera mbee, looneka ndi maso a nkhalamba. Ndinatulutsa tepi yanga n'kuyeza pamwamba pa chivundikiro. Mamilimita 15. Iye atatola lula yake anapezanso 15. Ka makungwa anga opala aja anakaikanso pambali, ndipo kanalibe kalikonse.

Koma ka chipatala kanali ndi 24, ndiye ine ndinakhumudwa, ndinati basi tagonja. Mwanayo anatulutsa mbale yachiwiri. Mmenemo munali tizilombo tina tamakani, ati timavutitsa madokotala chifukwa tinazolowera mankhwala. Anaikamo mankhwala akuchipatala amitundu iwiri. Oyamba aja, a 24 aja, sanasiye bwalo ngakhale la tsitsi limodzi. Achiwiri, aukali kwambiri, anasiya 21. Athu anasiya 13. Apulofesa anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso, n'kungonena kuti bwerezani katatu. Tabwereza katatu, nambala sizinasunthe kwenikweni. Mng'ono wako analira atatsamira paphewa langa, ndipo sindibisa, nanenso ndinalira.

Ndinafunsa Apulofesa ngati ndikauze anthu kwathu kuti asiye kuvutika ndi mizere ya kuchipatala. Mayiwo anayandikira khutu langa labwinoli, anati, "Ayi bambo, musayerekeze. Chogwira ntchito m'mbale sichinakhale mankhwala a munthu. Inu mukaona chipika chabwino, mumati ndi chitseko?" Ndinati ayi, pamatsala ntchito yambiri. Anati apanso ndi chimodzimodzi, ndipo bala lakuya kapena lotupa ndi la kuchipatala basi. Ndinamva bwino lomwe, munthu akayankhula zanzeru makutu anga amatseguka.

Chinthu chimodzi ndamuuza mng'ono wako, ndipo iwenso umukumbutse. Za kupala zija asalembe m'buku lake. Ayambire pa chidebe. Sindikufuna kuti anthu osandidziwa azidzawerenga kuti kunali kalipentala amene anataya mankhwala miyezi itatu n'kumatumiza zinyalala m'bokosi lokongola.

Bambo ako

29 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, achemwali ndi mapasa. Ndikhulupirira chitseko chija chinapita kwa mwini wake.

Ndakhoza, Bambo. Dzulo ndinaima pamaso pa oyesa atatu kwa maola awiri, ndipo ndakhoza bwino.

Tsopano ndiulule mlandu. Sindinakumvereni. Za kupala zija ndinalemba zonse, mabokosi awiri aja, sandipepa, malata, masiku ake, ndi mbale zonse zimene zinatuluka zopanda bwalo. Ndinayesa kuyambira pa chidebe monga munanenera, koma mu ntchito yathu kubisa zimene zinakanika ndi bodza, ndipo inu simunandilere choncho. Ndinalowa m'chipinda cha oyesa ndikuopa kuti chaputala chimenecho ndi chimene chindigwetse.

Woyesa wamkulu ndi bambo wa imvi amene ophunzira onse amamuopa. Anafunsa za tizilombo, za kuyeza, za chifukwa chake bwalo lathu ndi laling'ono kuposa la mankhwala achiwiri aja. Ndinayankha kuti athu ndi madzi osakanikirana ndi zambiri, pamene akuchipatala ndi oyengedwa kale, ndipo sindikunena kuti mtengo waposa chipatala. Ndikunena kuti muli kanthu koyenera kukafufuza. Anagwedeza mutu. Kenako anatsegula chaputala chanu.

Anati ambiri amene amawayesa amangopera khungwa lonse pamodzi, ndipo akapeza bwalo sadziwa kuti mphamvu yachokera mbali iti. Koma m'buku langa khungwa lopala ndi kuumitsa padzuwa layesedwa palokha kasanu ndi kamodzi osapereka kanthu, zamkati zayesedwa pazokha n'kupereka bwalo, choncho wobwera pambuyo panga akudziwa poyambira. Anati chaputala chimenechi ndi msana wa buku lonse. Anatenga kamodzi ka makungwa anu kamene ndinabweretsa, anakatembenuza, anakayang'ana pawindo, n'kundifunsa kuti, "Munagwiritsa ntchito makina anji kuti muchotse zamkati bwino chonchi? Sipanatsale ngakhale kadontho kofiira."

Ndinati, "Si makina. Ndi bambo anga, ndi chopalira chamanja."

Anaseka mpaka kutsokomola, Apulofesa n'kuwathirira madzi m'kapu. Atapuma anati ndikupatseni moni, ndipo kakhungwako anapempha kuti akasunge pa tebulo lawo. Ine ndinatuluka, ndinakhala pa umodzi wa mipando munakonza ija.

Mukaona tsambalo mudzakwiya, ndikudziwa, koma mudikire ndifike kuti mudzandikalipire pamaso. Apulofesa andipatsa malo mu labotale kuti tipitirize kufufuza chimene chili mu zofiirazo, ndiyamba mwezi wa mawa. Miyezi yonseyi ndimalota ndikutsika basi ndi katundu wanga yense, mutu uli pansi. Ndikubwera Loweruka ndi kachikwama kamodzi ndi buku. Ndikubwera kudzacheza, Bambo, masabata awiri okha, chifukwa kuno ntchito ikundidikira.

Ndine mwana wanu,
Mzime